Mphaka wa Mayi Thorsen

Panyumba ina yosamalirako okalamba ku Viborg panalibe munthu wodandaula ngati Mayi Bodil Thorsen. Mawa khofi wazizira, mkuja pilo walimba, tsiku linalo nsomba yachuluka mchere. Lonselo linali bodza lamkunkhuniza. Khofi wa pamenepo ankakoma kuposa amene iwo ankaphika kwawo.

Nkhani inali pa mwana wawo, Signe. Mayi akati zonse zili bwino, iye ankangoti "Ndasangalala" pafoni, mwezi n'kutha osaoneka. Koma akangomva dandaulo ankatulukira tsiku lomwelo, chipewa cha njinga chili kumutu, n'kukalalatira Bambo Kjeld, mkulu wa nyumbayo. Akatopa ankakhala pabedi pa mayi ake mpaka mtima utatsika. Kanthawi kameneko ndi kamene Mayi Thorsen ankafuna.

Tsoka lake, Bambo Kjeld ankaopa wachibale wosakhutira kuposa moto, moti dandaulo kwa iwo silinkagona. Pilo anasintha, mchere anachepetsa, mpaka mayi aja mabodza anawathera. Ndiye tsiku lina anangonena zoona.

"Signe, mwanangu, ine kuno ndikusungulumwa."

"Mwati chiyani? Nanga anthu amenewo amagwira ntchito yanji? Dikirani, Amayi, andiona lero!"

Anabweradi, koma mkwiyo wake unali waukulu, moti nthawi yonse inathera mu ofesi. Kwa mayi ake anangosuzumira pakhomo n'kukweza mkono.

M'mawa mwake Bambo Kjeld anagogoda atakumbatira mphaka woyendera mabatire, waubweya wotuwa.

"Mayi Thorsen, mnzanu uyu. Sadya, saononga kapeti, sathawa. Mukamusisita amalira mokoma."

"Nanga ndikamufunsa za ana ake, ayankha?"

"Oyankhawo akuti atuluka chaka chamawa," anatero bamboyo, osaseka n'komwe. Anakhazika mphakayo pamiyendo pa Mayi Thorsen, n'kuwajambula.

Isanakwane nthawi ya chakudya chamasana, foni inalira. Anali Signe.

"Amayi, anditumizira chithunzi! Mwakhalana bwanji! Ndawauza kale a Kjeld kuti banja lathu lakhutira kotheratu. Basi, mtima wanga wakhala pansi. Ndionekera pa Khirisimasi, eti?"

Umenewo unali mwezi wa Meyi. Mayi Thorsen anasakasaka bodza lina loti amukolere nalo, koma asanalipeze foni inaduka. Anakwiya, anachitanso manyazi. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti poyang'ana pansi anapeza dzanja lawo layamba kale kusisita chinthu chija.