Dzino Limene Linasochera

Felesiya anafika pa Nathenje dzuwa litapendeka, chithunzi chakuda cha ekisile atachikulunga m'nsalu ngati chinthu chosweka. Anapeza mchimwene wake Mateyu atakhala pa njinga yake yamoto ya kabaza, akukukuta chimanga chootcha uku maso ali kumsewu, kudikira minibasi yotsitsa anthu. Mateyu ndiye anali mwini mbumba. Mwamuna wa Felesiya anali atavomera kale, koma nkhani yoti mwana achekedwe sikanatha popanda mawu a malume ake.

"Ulendo wonsewu kuchokera ku Mitundu, foni ilipo?" anafunsa Mateyu atalonjerana. "Kwagwanji, achemwali?"

"Palibe chagwa, achimwene. Ndi za mwana wanga Tadala."

Anafotokoza mwa chizolowezi chake, dzanja lili pakamwa. Anthu a ku Mitundu ankamudziwa motero mayi wogulitsa tomato ameneyu: wolimbika, wosakwiya msanga, koma woyankhula ndi kuseka kuseri kwa chikhatho. Ena ankati ndi manyazi, ena ulemu. Amene ankadziwa chifukwa chenicheni anali ochepa, ndipo mmodzi wa iwo ndi uyu anali atasiya kutafuna chimanga.

Kusukulu ya Tadala kunabwera a zamano kudzaona ana. Dokotala wina, mayi Dorica, sanangoyang'ana zobooka ngati mmene ambiri ankayembekezera. Anayendetsa chala pa nkhama zam'mwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza mbatata mumzere. Kudzanja lamanja anapeza dzino losongoka lija, lachitatu kuchokera pakati, litamera bwinobwino. Kumanzere kunali kadzino ka ubwana, kolimba nji, pa msungwana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo pamwamba pake panalibe ngakhale kotupa kosonyeza kuti lalikulu likubwera. Anawatumiza kuchipatala cha m'tauni kukajambulitsa ekisile.

Felesiya anamasula nsalu nakweza chithunzicho kudzuwa.

"Ili apa, lagona chopingasa mkati mwa fupa. Linasochera njira. Nsonga yake yatsamira muzu wa dzino loyandikana nalo, lakutsogolo ili, ndipo akuti layamba kuudya. Akufuna achotse kaubwanaka, atsegule nkhama pang'ono, amate kaunyolo pa dzino lobisalalo, ndiye azilikoka ndi mawaya mpaka litafika pamalo pake. Akuti mwina zaka ziwiri."

Mateyu anayang'ana chithunzicho mwa munthu amene wauzidwa kuti awerenge Chitchaina.

"Akumva kupweteka?"

"Ayi."

"Akudya?"

"Ndi mzimbe womwe."

"Ndiye mukufuna mpeni ulowe mkamwa mwa mwana wabwinobwino chifukwa cha mithunzi iyi?" Anabweza chithunzicho. "Ine ayi, achemwali. M'banja mwathu muno dzino linatayika kale limodzi. Lachiwiri lisatayike ine nditavomereza."

Atanena zimenezi anayang'ana kumbali, ndipo Felesiya anamva chisoni chachikulu. Zaka zonsezi, aka kanali koyamba kuti mchimwene wake aikhudze nkhaniyo ndi pakamwa.

Anali achinyamata pamene zinachitika. Ankachokera chakufupi ndi Dzalanyama atasenza mitengo yomangira chigafa cha fodya cha bambo awo, Mateyu patsogolo, Felesiya pambuyo. Wina anaitana Mateyu, iye natembenuka osaganiza, ndipo nsonga ya mtengo wa paphewa pake inagunda mlongo wake pakamwa. Sikunali kugunda kwamphamvu. Koma dzino lakutsogolo, lachiwiri kuchokera pakati, linagwera m'fumbi. Mateyu ndiye analitola. Kuyambira tsikulo Felesiya anaphunzira kuseka ndi dzanja, ndipo Mateyu anaphunzira kusayang'ana pakamwa pa mlongo wake. Analipira mlanduwo m'njira zake: kum'limira munda, kum'folerera nyumba, kuthamangira ana ake akangotsokomola. Palibe anamuzenga mlandu, koma iye anadziweruza yekha.

Pobwerera ku Mitundu, Felesiya anavutika mumtima. Akanatha kupita ndi mwana kuchipatala mwakachetechete, Mateyu n'kudzangoona mawaya. Koma kutero kukanakhala kum'vula ukulu munthu amene sanam'lakwirepo dala. Akanathanso kumvera, n'kusiya zinthu mmene zinalili, popeza nayenso mpeniwo ankauopa. Koma mawu a mayi Dorica ankabwerabe m'makutu mwake: dzino lotere limadya mnzake mosapweteka, mwiniwake amadzadziwa lakutsogolo litayamba kugwedera. Chakudza sichiimba ng'oma. Tadala ankaseka kukamwa konse kuli yasa, mpaka aphunzitsi kum'dzudzula, ndipo mayi ake sankafuna kuti dzanja la mwanayo lidzaphunzire njira yopita pakamwa.

Ali m'malingaliro amenewa, lilime lake linapita kumene linkapita nthawi zonse, pagweru paja. Pambali pa gwerupo panali kadzino kakang'ono, koderako, kamene anakhala nako moyo wake wonse osakaganizira. Kanali mbali yomweyo ya kumanzere, pamalo omwewo ngati ka Tadala. Anakakhudzanso. Ndipo anakumbuka dzino lija m'chikhatho cha Mateyu: lalifupi ngati njere ya chimanga, lopanda muzu, magazi ake ochepa zedi.

M'mawa mwake anaimba foni.

"Achimwene, za mwana mwakana, ndamva. Koma ndiperekezeni ine kuchipatala. Ndikufuna andione mkamwa."

Mateyu akanatha kukanira Felesiya zambiri, koma osati chinthu chokhudza mkamwa mwake. Anabwera ndi njinga yake tsiku limene anagwirizana, atavala jekete ya kutchalitchi.

Mayi Dorica anali wamfupi, wa mawu otsika, wosafulumira pa chilichonse. Anamvetsera mpaka Felesiya atamaliza, osam'dula. Atamuuza kuti akhale pampando wopendekera uja, anafunsa ngati abambowo angadikire panja.

"Akhale pompo," anatero Felesiya. "Ndi achimwene anga. Aone."

Ndiye mayi amene sanatsegulepo pakamwa pake poyera chiyambire utsikana wake anaika manja onse awiri pamiyendo, nayasamula pansi pa nyali yowala, pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mchimwene wake. Manjawo sanachoke pamiyendopo. Kulimba mtima kwina sikukhala ndi phokoso, ndipo uku kunali kotero. Mateyu anayang'ana pansi, pa nsapato zake.

Chithunzi chitatuluka, dokotala anachiika pagalasi lowala pambali pa cha Tadala. Sanafunikire kulankhula zambiri. Ngakhale Mateyu, amene pa Nathenje anangoona mithunzi, anaona kuti ziwirizo zinali mayi ndi mwana. Mkati mwa fupa la Felesiya munagona dzino lalitali, loyera, lathunthu, lopingasa ngati la Tadala, nsonga yake ili pamalo penipeni pamene pakanakhala muzu wa dzino lotayika lija.

"Zimenezi nthawi zina zimayenda m'magazi," anatero mayi Dorica. "Bambo, akuti inu ndi amene munalitola dzinolo. Linali lotalika bwanji?"

Mateyu anasonyeza ndi zala ziwiri, kampata kakang'ono.

"Linathyoka. Muzu unatsalira mkati. Ndinalithyola ndine."

"Ukanatsalira, bwenzi tikuuona apa, kapena bwenzi unawavutitsa kalekale mpaka kukauchotsa. Palibe. Ine tsikulo kunalibe, ndiye sindinganene ngati mboni. Mtengo unagunda ndithu. Koma mmene ndikuonera, unagunda dzino limene muzu wake unali utadyedwa kale ndi ili lagona apali. Likanagwa ndi mzimbe, kapena ndi chimanga chokazinga, chaka chomwecho kapena chotsatira."

Mateyu anayandikira galasilo mpaka mpweya wake kuchita nthunzi pachithunzi. Anayang'anitsitsa mdani amene anam'senzera mlandu zaka zonsezi, ali gone mwamtendere m'fupa la mlongo wake. Kenako anapukuta nkhope ndi chipewa, ngati kuti vuto linali thukuta.

"Nanga la achemwali angali mulikoka?"

"Limeneli lakhazikika, pa msinkhu wawo silingayende bwino. Tiziliyang'anira kuti lisachite chotupa. Koma la Tadala likadali ndi mwayi, ndipo muzu wa mnzakewo wangoyamba kumene kudyeka. Tikalichotsa pamenepo msanga, lakutsogolo lipulumuka. Sindikulonjezani kuti zikhala zophweka. Azibwera mwezi ndi mwezi, osadumphitsa."

Mateyu anatembenukira kwa Felesiya. Anafuna kunena zambiri, koma anthu a m'banja limenelo sanazolowere kutambasula za mumtima pamaso pa alendo.

"Mwezi ndi mwezi, njinga ilipo," anatero. "Mwanayo ndizimutenga ndine."

Anasunga mawu ake. Tsiku lochekedwa anakhala pabenchi panja, chipewa chili m'manja, ndipo Tadala atatuluka tsaya litachita dzanzi, malovu akudontha, amene ankaoneka wodwala kwambiri anali malume. Pambuyo pake, mvula kaya fumbi, ankanyamuka ku Nathenje, kudzera ku Mitundu, mpaka m'tauni, Tadala atam'gwira jekete kumbuyo. Anzake a kabaza ankamuseka kuti wapeza kasitomala wosalipira. Anzake a Tadala nawo ankati wavala mpanda mkamwa, iye n'kumawasekerera ndi mpanda womwewo kuti auone bwino.

Miyezi inapita osaoneka kanthu. Mayi Dorica ankangomangitsa kawaya pang'ono, n'kuwauza kuti apite. Tsiku lina Mateyu analephera kupirira.

"Adokotala, kodi likuyendadi limeneli? Bwanji osangolikoka kamodzi?"

"Mukalikoka mwamphamvu limafa, bambo. Limafuna kunyengerera."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anavomera Mateyu, ngakhale nkhope yake inkasonyeza kuti nkhono imeneyi yanyanya.

Dzinolo linatulukira nyengo yokolola ya chaka chachiwiri. Linali tsiku la msika pa Mitundu, ndipo Felesiya ankachokera kodula tomato, dengu lodzaza lili pamutu, manja onse awiri atagwira m'mphepete mwake. Anapeza Mateyu ataimika njinga pafupi ndi benchi logulitsirapo tomato, atawerama, chipewa cholimba chapanjinga chikadali kumutu, akusuzumira mkamwa mwa Tadala amene anakweza mlomo ndi chala. Pa nkhama yofiira panali kansonga koyera, kakang'ono ngati mpunga umodzi. Pambali pake dzino lakutsogolo linali chilili, lolimba.

"Takulandirani, alendo," anatero Mateyu kwa kansongako, mwaulemu wonse, akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Mwayenda bwanji? Tinakudikirani kuyambira nthawi ya mkulu wanu uja wagona m'fupa la achemwali."

Felesiya anaphulika kuseka. Dzanja linafuna kupita kumene linazolowera, koma dengu linali lolemera, ndipo akanalisiya tomato yense akanamwazika. Akanatha kulitula. Sanalitule. Anaima pakati pa msika, manja ali m'mwamba, akuseka ndi gweru lake lonse padzuwa.

Mateyu anadzutsa mutu namuyang'ana mlongo wake pakamwa, ndipo ulendo uno sanayang'ane kumbali.