Masiku Khumi a Faya

Elenala anadziwa kuti mphaka wake sali bwino tsiku limene anapeza thumba la mpunga litabooledwa ndi makoswe. Pa zaka zinayi zimene Faya anakhala m'nyumbamo, khoswe sankayerekeza dala kulowa m'chipinda cha matumba. Dzinalo anamutcha chifukwa anamutola ali kamwana m'munda wa mpunga wa faya kusikimu ya Likangala, atanyowa ngati kasanza. Chimwalirireni mwamuna wake, ana atabalalika kukasaka maganyu ku Blantyre, mphakayu ndiye ankamuchingamira akamachokera kumunda.

Atamuyang'anitsitsa anaona kuti akamatafuna akupendeketsa mutu, chakudya n'kumagwa pansi. Matemba ouma ankangowanunkhiza n'kuchoka. M'kamwa mwake munkatuluka fungo loipa. Elenala anamumvera chisoni, nayamba kumugulira matemba aawisi kwa asodzi ochokera kunyanja, n'kumawafinya ndi zala kuti afewe. Amenewo Faya ankadya. Kwa mwezi ndi theka sanalawe china chilichonse.

M'mawa wina wa mu Juni, anthu ali kalikiliki kuyanika mpunga, Faya anatuluka m'nyumba akudzandira ngati woledzera. Mutu unali utazyolika, chibwano chitagunda pachifuwa, dovu likuchucha. Anayenda pang'ono, nagwa, nadzuka, nagwanso.

Amene anayamba kumuona anali a Gerishomo, mchimwene wake wamkulu wa Elenala, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yake.

"Chiwewe ichi!" anakuwa a Gerishomo. "Anthu inu, chotsani ana!"

Anatola thumba lopanda kanthu, namugwira mphaka uja pakhosi kuti amuponyemo. Chala chawo chinatsikira patsaya lotupa. Faya analira mawu amene Elenala anali asanawamvepo, napotoloka n'kuwaluma pachala chachikulu.

Elenala anataya lichero, nathamanga. Anavundikira mphakayo ndi dengu lalikulu, iye n'kukhala pamwamba pake.

"Choka apo, Elenala."

"Sindichoka, achimwene."

"Sukuona magaziwa? Chandiluma chinthu chakochi!"

"Ndaona. Pitani pamjigo mukatsuke ndi sopo, mutsuke mpaka mkono utope, kenako mupite kuchipatala lero lomwe. Koma Faya simumukhudza."

Anthu anayamba kusonkhana, wina ali ndi mpini, wina chibonga. Elenala ankadziwa kuti mantha awo si opanda pake. A Gerishomo ali mnyamata anaonapo mnzawo akufa ndi chiwewe atamangidwa pabedi, akuthawa madzi a m'kapu, ndipo nkhaniyo sankaimaliza akaiyamba. Pansi pake, m'dengu muja, Elenala ankamva kukwakwata kofooka.

"Mphaka ameneyu anabayitsa katemera," anatero mokweza. "Tsiku lobaya agalu kusukulu paja munandiseka nonsenu kuti ndabereka chona kumbuyo ngati mwana. Khadi lake lili m'nyumbamu. Mpaka abwere a zaziweto, amene akufuna kumenya dengu ili ayambe wamenya ine."

Panalibe amene anasendera. Anatulutsa foni m'lamba wa chitenje, naimba ali chikhalire pomwepo.

A Meshack, mlangizi wa ziweto wa dera limenelo, anafika panjinga yamoto dzuwa lili pamutu. Anapeza Elenala akadali padengu, miyendo itachita dzanzi. Anamvetsera mbali zonse, nawerenga khadi lija, kenako anayang'ana bala la a Gerishomo.

"Bambo, mawu a achemwali anuwa ndi oona. Kuchipatala mupite lero, musadikire za mphakayu." Anatembenukira kwa Elenala. "Mayi, katemera anabaya miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo zimenezo zikundilimbitsa mtima. Koma sindingalumbire. Njira zilipo ziwiri. Titha kumupha, mutu wake n'kupita kukayezedwa. Apo ayi timutsekere masiku khumi. Ngati malovu ake anali ndi chiwewe pamene amaluma, masiku khumiwo samaliza."

"Iphani basi!" anatero munthu wina kumbuyo, ena n'kuvomereza.

"Mphaka ndi wanga," anatero Elenala. "Titsekera."

"Ukusankha chona kusiya m'bale wako?" anafunsa a Gerishomo.

"Kumupha sikuchotsa mano ake pachala chanu, achimwene. Jakisoni mukabaya ndithu, afe asafe."

A Gerishomo analavula pansi, nachoka.

Kuseri kwa nyumba kunali kakhola ka waya kamene Elenala ankalereramo anapiye. A Meshack anavala magolovesi ochindikala ofika m'zigongono, namukulunga Faya m'thumba mutu wokha uli kunja. Anamuunika m'maso ndi tochi ya foni. Maso anali atatong'oka bii, osaphethira bwino ngakhale kuwala kuwalase. Anayang'ana m'makutu, osapezamo kanthu. Kenako anakweza mlomo wa kumanzere ndi kamtengo.

"Bwerani muone, koma manja kumbuyo."

Dzino lalikulu la m'mwamba, chakumapeto, linali litasweka pakati n'kuda. Nkhama yozungulira inali yofiira, yotupa, ikutuluka mafinya.

"Dovu lija likuchokera apa," anatero a Meshack. "Ndipo apa ndi pamene anamufinya bambo aja. Koma dzino silizyolikitsa mutu chonchi. Anagwapo pamtengo? Anamenyedwa?"

"Ayi."

"Mankhwala a makoswe kapena opopera mumasunga pati?"

"Sindisunga. Ntchito imeneyo ndi yake."

"Nanga amadya chiyani?"

Elenala anafotokoza za matemba aawisi aja monyadira ndithu, poti ankaona kuti pamenepo ndiye anachita bwino. A Meshack anamuika mphakayo pansi m'khola, najambula kanema akuyesa kuyenda, natumiza kwa dokotala wa ziweto wa ku Zomba, mayi Angella. Posakhalitsa foni inalira, iwo naikweza mawu kuti Elenala amve.

"Mayi, mwati nsomba zaziwisi zokhazokha mwezi ndi theka?"

"Eya, adokotala. Zouma zimamulasa."

"Ndamva. Nsomba zina zikakhala zosaphika zimawononga vitamini wina m'thupi la mphaka, amene amadyetsa ubongo ndi mitsempha. Akatha, khosi limafooka, miyendo imasokonekera, ena amayamba kugwa ngati akhunyu. Sindikunena kuti chiwewe tachichotsa, masiku khumi akwane ndithu. Koma a Meshack amubaye vitaminiyo lero, mawa ndi mkuja, pamodzi ndi mankhwala a mafinya. Ngati ndaganiza bwino, muona kusintha sabata isanathe."

Elenala anayang'ana Faya m'khola muja.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine?"

"Mukanapanda kumupatsa kanthu akanafa ndi njala kalekale. Kuyambira lero muziphika, muzichotsa minga, muzisakaniza ndi dzira lowiritsa."

A Meshack anamusiyira malamulo. Asamugwire ndi manja. Mbale azikankha ndi ndodo. Khola likhale ndi loko, ndipo aliyense asayandikire. Akaona kuti wayamba kuluma waya kapena miyendo yakumbuyo yafa, aimbe nthawi yomweyo.

"Zikatero, mayi, ndidzamupha ndine, ndipo simudzandiletsa."

"Zikatero ndidzakugwirirani thumba ndine," anayankha Elenala.

Masiku otsatira mudzi unamufulatira. Pamjigo amayi ankasuntha ndowa zawo iye akafika. Ena ankanong'ona kuti munthu wamba sangakakamire mphaka chotero, payenera kuti pali zina zimene mphakayo amamugwirira. Elenala ankatunga madzi ake, n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi pomutchula dzina, mpaka aliyense ayankhe.

Tsiku loyamba Faya ananyambita chakudya pang'ono, mutu uli m'mbale. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo masana anagwa n'kuphiriphitha miyendo kwa kanthawi. Elenala anagwira foni, naiyang'ana, naibwezera. Kenako anaitulutsanso n'kuimba, chifukwa anali atalonjeza. A Meshack anabwera, nabaya jakisoni wachiwiri, nati adikire.

M'mawa wa tsiku lachitatu anapeza Faya atakhala tsonga, mutu uli m'mwamba, akuyang'ana mpheta zimene zinkatola mpunga pabwalo. Elenala anakhala pansi pafumbi pomwepo, nalira pang'ono, kenako anapita kukaphika matemba.

Tsiku lachisanu, pochokera kumunda, anaona mutu wa mlamba uli pafupi ndi waya wa khola. Iye mlamba anali asanagule. Ataugwedeza ndi ndodo anaona timibulu takuda titathiridwa m'kati. Anali mankhwala a makoswe. Mwamwayi woponyayo analephera kuulowetsa.

Anaunyamula pa fosholo, nayenda nawo mpaka pabwalo la simenti pamene anthu a m'mudzimo ankayanika mpunga. Panali anthu oposa makumi awiri. Anautula pakati.

"Amene wataya ndiwo zake kwathu, nazi, adzatenge."

Anthu anasiya kuyanika mpunga.

"Palibe mwini? Chabwino. Koma mumve. Pakhomo panga pamadutsa nkhuku zanu, agalu anu, ndi ana anu amene amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Mukuti mukuopa imfa, n'kumaiponya nokha pabwalo? Atsala masiku asanu. Ngati mphakayo ali ndi chiwewe afa yekha, simusowa kumuthandiza. Ngati alibe, mudzandiyang'ana bwanji?"

A Gerishomo anali pomwepo, chala chili m'bandeji. Anauyang'ana mutu wa nsombawo nthawi yaitali.

"Si ine," anatero.

"Sindinati ndinu, achimwene. Inu mukanabwera ndi chibonga, masana, ine ndikuona."

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. A Gerishomo anatenga fosholo ija m'manja mwake, napita kukakwirira chinthucho okha kutali ndi mpunga. Kuyambira tsiku limenelo Elenala anasamutsira ntchito yake yonse pakhomo. Ankapeta ndi kusoka matumba ali pambali pa khola.

Tsiku lakhumi a Meshack anapeza Faya akuzungulira m'khola, akulirira kutuluka. Analemba kalata yoti a Gerishomo apite nayo kuchipatala, kuti achipatala akaone okha ngati jakisoni wotsala ndi wofunikabe. Elenala anakaipereka yekha. Mchimwene wakeyo anaiwerenga, naipinda, naika m'thumba la malaya.

"Ukanalakwitsa bwenzi tikunena zina," anatero.

"Ndikanalakwitsa bwenzi muli ndi jakisoni m'thupi ndipo mphaka ali m'khola. Palibe amene akanafa."

A Gerishomo sanapepese. Elenala sanayembekezere kuti apepesa.

Dzino linatsala. Mankhwala anali ataphwetsa chotupa, koma dokotala ananena kuti likapanda kuchoka mafinya adzabwerera. Lachiwiri lotsatira Elenala anamuika Faya m'katoni yoboola, nakwera njinga yamoto mpaka pamsewu, kenako minibasi ya ku Zomba. Kondakitala atamva kulira m'katoni anati katundu wotere sakwera.

"Nkhuku zili pansi pa mpando uwo zakwera bwanji?" anafunsa Elenala, nakhala pansi katoni ili pamiyendo. Minibasi inanyamuka.

Mayi Angella anali wamng'ono kuposa mmene mawu ake ankamvekera pafoni. Anamuyendetsa Faya pansi, namutembenuza, nakhudza phazi lililonse kuona ngati akulibweza msanga. Anati mitsempha yabwerera, kungotsala kunjenjemera pang'ono kwa mutu kumene mwina kudzatha, mwina ayi. Atamugoneka ndi mankhwala anapeza kuti mano owola ndi awiri, osati limodzi. Anachotsa onse, nasoka nkhama. Elenala anapempha kuti awaone. Anali tinthu tating'ono, tosaposa njere ya mpunga wosapuntha, ndipo anadabwa kuti mlandu wonse uja unachokera pamenepo.

Kumwetsa mapiritsi kunyumba kunali nkhondo ina. Faya ankawalavula, ankawabisa m'tsaya, tsiku lina anamukanda Elenala padzanja. Iye anaphunzira kumukulunga m'chitenje ngati khanda, n'kuponya piritsi kukhosi. Patatha milungu itatu anayambanso kusaka, ngakhale kuti podumpha ankaphonya kawirikawiri kusiyana ndi kale.

Mwezi wotsatira inali nthawi ya Elenala yolandira amayi a mvano pakhomo pake. Mwa amayi khumi ndi awiri anabwera asanu. Ali pakati pa nyimbo yoyamba, Faya anatuluka m'nyumba, mutu ukunjenjemera pang'ono, nadzagona pamphepete pa mkeka. Mayi Christina, amene ankatsogolera, anadula nyimbo n'kukokera miyendo m'chitenje.

"Amayi, simungachitsekere kaye chimenechi mpaka titamaliza?"

"Anakhala kale m'khola masiku ake onse, ndipo anatuluka wopanda mlandu," anatero Elenala. "Uyu kwawo ndi kuno. Ngati akukusowetsani mtendere, sunthirani mbali iyi, malo alipo."

Mayi Christina anayang'ana anzawo. Palibe amene anadzuka. Patapita kanthawi anasuntha pang'ono, natsegulanso buku la nyimbo, nayambitsa ndime yachiwiri.