Chiphona Sadwala

Anzake kuntchito ankamutcha Nasopo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ankachapa nsalu za pabedi pachipatala chachikulu cha mumzindawo, ndipo fungo la sopo silinkamuchoka ngakhale pa tsiku lopuma. Mliri wa chifuwa utafika, iye sankadikira wailesi kuti imuuze mmene zinthu zalili. Ankangoona matumba ofiira a nsalu zochokera kuwodi ya odwala chifuwacho. Sabata yoyamba ankabwera awiri patsiku. Mwezi usanathe anali atadzaza khonde lonse la kochapira.

Kunyumba ankakhala ndi mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, munthu wa mapewa ngati chitseko amene anzake ankamutcha Chiphona. Analiponso bambo ake a Nasopo, okalamba odwala shuga, amene ankagona m'kachipinda ka kuseri.

Chimene chinkamupsetsa mtima Nasopo n'chakuti Chiphona sankakana kuti matendawo alipo. Akanakhala wokana, bwenzi akungomutenga ngati chitsiru. Koma ayi. Munthuyo ankaima pageti n'kumawerenga amene mliri uwatenge.

"Telala uja, ndi kunenepa kuja, ikangomugwira wapita," ankatero. "Wapagolosale nayenso, fodya wamudya kale mapapo. Anthu asamale, matendawa si masewera."

Akatero ankanyamuka kukaonera mpira m'kachipinda kopanda windo, anthu makumi atatu atapanikizana, akukuwa ndi kulavulirana malovu chigoli chikalowa.

"Amuna anga, masiki mwasiya patebulo," anatero Nasopo tsiku lina.

"Apatseni madala. Ndi amene akuyenera kuvala."

"Nanga inu mumapuma ndi chiyani? Ndi chitsulo?"

Chiphona anaseka n'kudzimenya pachifuwa. "Munandionapo nditagona kuchipatala? Chibadwire jakisoni sindimudziwa. Matendawa amasankha, akazi anga. Akandiona ine amakhota."

"Ine ndimachapa nsalu za anthu a mapewa kuposa anuwo."

"Amenewo anali ndi zawo zina m'thupi. Simungadziwe."

Yankho linali lomwelo nthawi zonse. Aliyense womwalira anali ndi zake zina.

Lachiwiri lina m'mawa Chiphona anadzuka akutsokomola. Nasopo anamugwira pamphumi n'kumva kutentha ngati simbi.

"Tiyeni mukayezetse. Tikwera limodzi."

"Ndi utsi wa zitsulo uwu. Dzulo ndimawotcherera zitseko zopaka penti."

"Utsi umatenthetsa thupi?"

"Mayi, ntchito ikukudikirani."

Nasopo anaima pakhomo chikwama chili m'manja. Anafuna kujomba, koma kochapira anali atatsala anthu atatu okha, ena onse akudwala. "Chabwino," anatero. "Kanani kuyezetsa. Koma ndakugwirani mwendo, kuchipinda kwa bambo musapiteko. Chakudya chawo ndawaikira pampando. Musalowemo."

"Ndamva, adokotala."

Nasopo atabwerako madzulo dzuwa lisanalowe, anapeza bambo ake atakhala pakhonde, ndevu zonse zitachoka, nkhope ili see ngati ya mnyamata. Ankadzisisita kuchibwano akumwetulira.

"Waona, mwana wanga? Mkamwini wandikonza. Ndimafuna kupita kwa wometa, iye wandiletsa, akuti kumeneko kumadzaza anthu, ndingakatenge matenda. Wandimeta yekha."

Nasopo anaika chikwama pansi. Anaona m'maganizo mwake zonse: mwamunayo atawerama, nkhope yake pafupi ndi ya bambo ake, akupumira m'kamwa mwawo, akutembenuka pang'ono kutsokomola n'kubwereranso ndi lezala. Analowa m'nyumba n'kumupeza atagona pasofa, thukuta lili kamukamu.

"Ndinakuuzani chiyani m'mawa?"

"Sindinalowe m'chipinda mwawo. Tinali pakhonde."

"Mukuchenjera ndi ine? Mukutsokomola chonchi n'kukagwira nkhope ya munthu wodwala shuga?"

"Ndimawateteza! Mumafuna apite kwa wometa?"

"Wometayo ndi amene akutentha thupi, kapena ndi inu?"

"Ine ndilibe matenda amenewo," anatero Chiphona, ndipo ananena ndi mtima wonse, maso ali gwa. Nasopo anaona kuti munthuyo sakunama. Ankakhulupiriradi. Anatenga kapu imene inali patebulo n'kuimenyetsa kukhoma.

Chiphona anagona masiku anayi, tsiku lachisanu n'kudzuka kupempha chakudya. Tsiku lomwelo bambo ake a Nasopo anayamba kukana kudya. Patapita masiku awiri ankalephera kumaliza chiganizo osapumira. Nasopo anawatengera kuchipatala komwe ankagwira ntchito, anawayeza, n'kuwalowetsa kuwodi ija. Namwino wina amene ankadziwana naye anamugwira paphewa n'kumuuza kuti malamulo ndi amodzi kwa aliyense, sangalowe.

Choncho Nasopo ankachapa. Matumba ofiira ankatsika kuchokera kuwodi, iye n'kumawamasula ndi magolovesi, n'kumaponya nsaluzo m'makina, osadziwa kuti ya bambo ake ndi iti. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, namwino uja anatsika yekha kochapira. Anamwino satsika kochapira. Nasopo anazimitsa makina asanauzidwe kanthu.

Pamaliro Chiphona analira kuposa aliyense. Nasopo sanamuyang'ane.

Patatha masabata atatu, akuchokera kuntchito masana, anadzera kushedi ya mwamuna wake kukatenga makiyi a nyumba. Asanakhote pakona anamva mawu ake, okwera ngati kale. Ankacheza ndi kasitomala amene anabwera kudzatenga mawindo.

"Ine nthenda ija inandigwira, achimwene, sindibisa. Koma inangondinyambita. Masiku anayi basi, ndinadzuka. Ndinkanena ine kuti thupi ili si lamasewera. Zimavuta kwa okalamba ndi odwaladwala, ngati apongozi anga aja, mzimu wawo uuse."

Nasopo analowa. Kasitomala anabwerera m'mbuyo ataona nkhope yake.

"Bwerezani," anatero mayiyo.

"Akazi anga, timangocheza..."

"Bwerezani ndimve! Inakunyambitani? Ndiye mwapambana eti? Tikuombereni m'manja? Auzeni bambowa kuti itakunyambitani inapita kuti. Auzeni amene anawameta ndevu apongozi anuwo!"

"Mayi, pali anthu."

"Anthu amve! Munawerenga telala, munawerenga wapagolosale, msewu wonse munauika m'manda ndi pakamwa panupo. Telala ali pamakina ake mpaka lero, amavala masiki, amaopa. Inu wosaopa ndi amene mwandiphera bambo anga, n'kumadzitama nazo pagulu ngati mwamwetsa chigoli!"

Chiphona anaika nyundo pansi. Kenako analankhula motsitsa, mawu amene ayenera kuti anawasunga kwa masiku ambiri.

"Mliri utangoyamba, achimwene anu anaimba foni. Anati madala apite kwawo, kuli chipinda chapadera, kulibe wotuluka. Munayankha chiyani? Munati inu mumagwira kuchipatala, mumadziwa kusamala, m'nyumba mwanu matenda sangalowe. Ndinali pomwepo."

Nasopo anafuna kumutukwana, koma zinali zoona. Ananenadi choncho, ndipo ananena monyada. Ankaona matumba ofiira tsiku ndi tsiku, koma sanaganizepo kuti limodzi lidzakhala la kwawo. Mkwiyo sunachepe. Unangokula, n'kusowa kolowera.

"Inde, ndinatero," anayankha. "Ndipo zikundidya tsiku lililonse. Koma ine simudzandimva ndikuzinena moseka kwa makasitomala."

Anatenga makiyi pamsomali n'kutuluka. Atafika kunyumba anasamutsira zovala zake m'kachipinda ka kuseri, n'kukhoma chitseko. Chiphona anagogoda madzulo amenewo, anagogodanso mawa lake. Tsiku lachitatu anakhala pansi kunja kwa chitsekocho n'kunena kuti wamva kuti katemera wafika, akufuna apite limodzi.

"Njira ya kuchipatala mukuidziwa," anatero Nasopo ali mkati.

Chiphona anapita yekha. Pobwera analowetsa kakhadi kake ka katemera pansi pa chitseko. Nasopo anakawerenga, n'kukakankhira kunja ndi phazi. Anagona m'kachipindamo mpaka chaka chinatha.