Ndowa Yotsala Pagombe

Eduardo anadutsa malire cha ku Katuli mu Ogasiti 1987, pamodzi ndi anthu ena othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anzakewo anali amoyo. Iye anali atadzuka m'dzenje la mitembo pafupi ndi Mandimba, bala la chipolopolo pachifuwa litauma, mtima utaleka kugunda. Palibe amene anabwera kudzafuna anthu a m'dzenjemo, kupatula agalu. Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse chinkamubwerera kukhosi. Thupi lake linkafuna magazi basi.

Ku Mangochi anapeza ntchito yomuyenera. Che Atumani Sadik, amene ankazinga mbuzi, kuzipha mwa Chisilamu, kuseri kwa msika, ankafuna munthu wotaya magazi ndi kutsuka matumbo. Kwa Msilamu magazi ndi haramu, oletsedwa kudya, choncho ndowa ikadzaza palibe ankafunsa kumene yapita. Eduardo ankatsika nayo ku Shire, pamene mtsinjewo wangotuluka kumene m'nyanja, n'kulowa nayo m'bango. Ankabwerako ndowa ili mbee.

"Che Eduardo, ntchentche zimakuopani chiyani?" Atumani anafunsa tsiku lina, akudzikupiza ndi chipewa. "Ine zandimaliza. Inu ngakhale imodzi."

"Zimadziwa kuti ndine mlendo."

"Mlendo wanji wodziwa pamene ndimabisa mpeni? Tengani mpunga uwo, mwaonda ngati bango."

Eduardo ankalandira mpungawo, n'kunena kuti akadya bwino m'kanyumba kake. Ankagona kuseri kwa nyumba ya Atumani.

Masana ena mu 1990, atagwada m'bango ndowa ili kukamwa, anamva mawu a mkazi.

"Mumamwa ngati mukuba."

Anacheuka. Mkaziyo anali m'madzi mpaka pachifuwa, mikono atayedzamiritsa pa thunthu la mtengo wakugwa. Tsitsi lake linali ndi ndere. M'munsi mwa chiuno munalibe miyendo, koma thupi lalitali losalala ngati la kampango, likugwedezeka pang'onopang'ono ndi madzi.

"Musathawe," anatero. "Fungo la magazi likamveka ng'ona zimabwera. Kwa inu sizibwera. Ndimafuna ndione chimene zikuopa."

Dzina lake anali Mwanamvua. Anabadwira kumtunda, tauniyo ikutchedwabe Fort Johnston. Bwato linagubuduka akupita naye ku ukwati kutsidya, anthu anafunafuna osamupeza, ndipo madzi anamusunga. Eduardo nayenso anafotokoza za dzenje lija. Mwanamvua sanadabwe. Anangotambasula dzanja, namugwira pachifuwa pamene panali bala.

Dzanjalo linali lozizira ngati lake. Munthu aliyense akamuyandikira, Eduardo ankamva magazi ake akuyenda, akumuitana. Mwa mkazi uyu munali zii. Anakhala atagwirana manja mpaka matumbo a mbuzi anayamba kuuma padzuwa, ndipo Atumani anamukalipira chifukwa chochedwa. Anachedwanso mawa lake, ndi masiku onse otsatira.

Kenako kunabwera chilala cha 1992. Poyamba anthu ankagulitsa mbuzi motchipa kuti agule chimanga, ndipo ndowa inkadzaza kawiri patsiku. Pofika Novembala makola anali opanda kanthu. Atumani ankakhala pabenchi kunola mpeni wopanda ntchito. Eduardo anayesa makoswe, anayesa nkhunda. Njala inangokula.

Mmawa wina Khadija, mkazi wa Atumani, anadzicheka chala akupala nsomba pakhonde. Eduardo anali pa mjigo, kutali ndithu. Anangozindikira ataima pambali pa mayiyo, osadziwa kuti bwalo walidutsa bwanji.

"Si kanthu, Che Eduardo," anatero Khadija akuseka. "Mwathamanga ngati ndadula mkono."

Eduardo anapita kumtsinje.

"Ndiwapha," anauza Mwanamvua. "Anthu amene andisunga. Ndikakhala sabata ina, ndiwapha."

"Ndiye bwerani kuno. M'madzi mulibe njala imeneyo." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Koma madzi salandira munthu tsiku limodzi. Mudzagona pansi ngati mtembo mpaka mwezi watsopano uoneke. Mudzamva zonse, koma simudzatha kugwedeza ngakhale chala. Akakuvuulani nthawi isanakwane, n'kukuikani m'manda ndi mapemphero, nthaka idzakugwirani. Kumeneko ine sindifika. Alipo amene angakufuneni?"

Eduardo anaseka, kuseka kouma.

"Ndinagona m'dzenje ndi mudzi wathunthu, sikunabwere munthu. Ndipo mtendere ausainira mwezi wathawu. Wothawa nkhondo akasowa masiku ano, amati wabwerera kwawo."

Anatsuka ndowa ya Atumani ndi mchenga mpaka inawala. Anaikamo mpeni wosendera, n'kuikhazika poonekera, pamwamba pa mwala, kuti mwini wake adzaipeze. Sanafune kuti adzamutche wakuba. Pambali pake anavulapo mapatapata ake, monga ankachitira nthawi zonse polowa m'madzi.

Mwanamvua anamugoneka pakati pa mizu ya bango, pamene madzi sakokola. Kumwamba dzuwa linkaoneka ngati nsalu yobiriwira. Tinsomba tinkamudutsa pankhope. Mkaziyo ankakhala pambali pake, mutu wake atauika pamwendo umene sunali mwendo, akumuuza mayina a malo a pansi pa nyanja amene adzapite limodzi. Njala inayamba kusungunuka. Zala zake zinayamba kumera kakhungu pakati.

Mwezi unali usanaoneke pamene anamva nkhafi.

Mabwato anali ambiri. Mawu ankafika pansi ogontha, koma Eduardo anazindikira mawu a Atumani.

"Munthu wobwerera kwawo sasiya nsapato. Ponyani khokalo."

"Che Sadik, ngati ndi ng'ona, tipeza chiyani?" anafunsa msodzi wina.

"Ngakhale mkono wokha, tikauika. M'dera lino munthu sitimusiya m'madzi."

Khoka linatsika, miyala yake ikukwekwereza matope. Mwanamvua analing'amba ndi manja. Asodzi analikoka, natukwana, nalisoka pomwepo m'bwato. Mwanamvua analing'ambanso. Kachitatu asodzi anaponya makoka awiri ophatikiza, amuna ena akukoka ali pamtunda. Eduardo anamva ulusi ukumuzinga m'mapewa. Anafuna kukuwa kuti amusiye, kuti ali bwino, kuti wafika. Lilime linali ngati mwala.

Mwanamvua anamukumbatira m'chiuno, mchira wake utakola mizu. Mizu inazuka. Anakokedwa naye mpaka pamadzi osaya, pamene dzuwa linayamba kumuwotcha msana ndipo miyendo ya anthu inkaoneka. Pamenepo zala zake zinatsetsereka pa mkono wa Eduardo, pa dzanja, pa nsonga za zala.

"Inna lillahi, ndife a Mulungu," anatero Atumani, akulira poyera. "Taonani, nsomba sizinamugwire n'komwe. Ali ngati wagona."

Anamusambitsa kuseri kwa nyumba, ndi madzi a pa mjigo. Wosambitsayo anaona bala lakale pachifuwa ndi kakhungu ka pakati pa zala, nangoti madzi amasintha thupi. Shehe anafunsa ngati malemuyo ankaswali.

"Sindinamuonepo," Atumani anayankha. "Koma ndi wa ku Mandimba, mayi ake anali Asilamu, ndipo wagona kuseri kwa nyumba yanga zaka zisanu. Sindimutaya ngati galu."

Khadija anagulitsa mbale zake kuti agule sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Anamukulunga, namunyamula pa jeneza, amuna akulandirana m'njira monga mwa mwambo, ngakhale amene sankamudziwa dzina. Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, kumanda a kumtunda, kutali ndi mtsinje. Anamugoneka cha kudzanja lamanja. Eduardo anamva matabwa akuyalidwa, dothi likugwa, mapemphero akutha, mapazi akuchoka. Nthaka inamugwira monga Mwanamvua ananenera.

Njala sinabwerere. Madzi anali atachotsa imeneyo. Chimene anasiya ndi makutu.

Mu 1994 anamva malole akudutsa pamsewu, atanyamula anthu a kwawo obwerera ku Mozambique, akuimba. Amamva asodzi opita kumaliro ena akudandaula kuti pa bango paja khoka silituluka lamphumphu, ndipo palibenso amene amaponyapo.

Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti, Atumani amatsikira kumtsinje ndi ndowa ija, n'kutunga pamwala pomwe anaipeza. Amakwera nayo pang'onopang'ono, chifukwa mawondo ayamba kuvuta, n'kuthira madziwo pamanda kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Ambiri amamwedwa ndi dothi. Madontho ochepa amadutsa pakati pa matabwa, n'kugwera pa sanda, ozizira, onunkhira ndere.

"Gonani bwino, Che Eduardo," amatero Atumani, akukutumula ndowayo. "Tinakupezani."