Msoko Umadya Nsalu

Zigamba zinakana kulumikizana. Aphunzitsi a Sitandade 2 anazitembenuza uku ndi uku patebulo, koma ayi ndithu, masikweya amene anawasoka polumikiza mathirayango awiriawiri anali aang'ono kuposa anzawo athunthu. Sabata yonse anali ataphunzitsa ana kuti ukadula sikweya kuchokera kona kufika kona umapeza mathirayango awiri, ndipo ukawagundanitsa sikweya ija imabwerera. Ndi mapepala zinkatheka bwinobwino. Koma pa chofunda cha zigamba chimene kalasi inkapanga, masamu aja anagwa chagada.

Maso onse anagwera Kachete, kamtsikana kofatsa kamene kanadula mathirayangowo. Aphunzitsi, mutu utawatentha, anamuuza pamaso pa anzake kuti sanatsate mzere, n'kumulanda sizasi. Mwanayo sanalire. Koma mawa lake sanabwere kusukulu, tsiku linalonso malo ake anali opanda munthu. Zimenezi zinawapweteka mtima aphunzitsi, pakuti mwana ameneyu anali atangoyamba kumene kukweza dzanja m'kalasi.

Lachinayi kunatulukira bambo ake, a telala, tepi ili m'khosi, mwana akubisala kumbuyo kwawo. Aphunzitsi anangoti lero ndiona zakuda. Koma bamboyo anapereka moni, n'kupempha kuona zigambazo. Anayeza chimodzi, n'kuchitembenuza, kenaka anamwetulira.

"Madamu, mwanayu wadula bwino kuposa ine ndisanamwe tiyi. Kungoti pepala mumagundanitsa, pomwe nsalu mumasoka. Msoko umadya nsalu."

Anawaonetsa kuseri kwa chigamba, kumene kansalu kochepa ngati chikhadabo kanapindikira mkati. Anati podula thirayango umasiyako kampata kunja kwa mzere kuti msoko udye. Ankayankhula motsitsa mawu kuti ana asamve, ndipo anadzipereka kukakonza zigambazo kushopu mwakachetechete.

Aphunzitsi anachita manyazi, koma kuthokoza kunaposa manyaziwo, chifukwa munthuyu akanafuna akanawayalutsa pagulu. Anaseka pang'ono, ati safunsa anadya phula, ndipo iwo alilawa. Zokakonza kuseri zokhazo anakana. Anagogoda patebulo ndi rula.

"Ana inu, Lolemba lija ndinalakwa ndine. Mnzanuyu anadula molondola."

Aphunzitsi anapempha a telala kuti ajambule pabolodi kadulidwe koyenera, koma iwo anati choko chawo chimayenda pansalu pokha, n'kukankhira mwana wawo kutsogolo. Kachete anajambula thirayango, kenaka ina yokulirapo kunja kwake, osafunsa aliyense.

Aphunzitsi anagwira pakamwa. "Kani unkadziwa, mwanawe?"

"Ee, ndimaona kushopu. Koma munati titsate mzere."

A telala anayang'ana kudenga ngati sanamve. Aphunzitsi anatsegula kabati, n'kutulutsa sizasi ija, ndipo anaipereka kwa Kachete ndi manja awiri.