Mbande Pakhomo pa Aphunzitsi

Selestina anafika padimba lake kuseri kwa nyumba dzuwa lisanasuzumire paphiri la Michesi, ndipo anangoima, khasu lili paphewa. Bedi la mbande za mpiru linali litafukulidwanso. Timapazi tinali mbwee pa dothi lofewalo, ndipo fungo lokha linkanena mwini ntchitoyo: mphaka wakuda wa a Makina, aphunzitsi okhala kutsidya kwa mpanda.

Kanali kachitatu. Mbewu yomwe anasunga chaka chatha inali itatheratu. Mbande zotsalazo zikanafa, ana ake akanadutsa chilimwe chonse osalawa masamba.

Mlamu wake Hector anali atamulangiza kale kuti nkhani ngati iyi imatha ndi matemba awiri opaka mankhwala a makoswe. Pakamwa Selestina anakana, koma mumtima mawuwo sanachoke. Lamulungu kunali mgonero, ndipo ankadziwa kuti munthu safika pagome la Ambuye atabisa chakukhosi.

Kukadandaula pamaso kunamulemera. A Makina anali munthu wachikulire, mlendo wochokera ku Ntchisi, amene anali atangotha miyezi iwiri pasukulupo. Choncho anachita zomwe amayi ake ankachita mbuzi za eni zikadya chimanga. Anatola mbande zozulidwazo, naziika m'kambale, n'kukazisiya pakhomo pawo osanena kanthu. Kwawoko mwini chiweto akaona zotere amamva yekha, ndipo amabwera kudzapepesa.

Dzuwa litapendeka anamvadi odi. A Makina anaima pabwalo, chipewa chili kumanja, nkhope ili mwee.

"Mayi, zikomo. Chibwerere kuno palibe anandipatsapo kanthu ndisanapemphe," anatero. "Ndadzala zonse m'zitini. Zisanu ndi ziwiri zadzuka kale."

Atakhala pampando anayamba kufotokoza. Anati akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo mphakayo anali wa malemuwo. Anati akafika pagulu anthu amatembenukira ku Chilomwe, osati mwankhanza, koma iwo amangotsala akumwetulira ngati chithunzi. Akaweruka amacheza ndi mphakayo, ngakhale kuti sayankha.

Selestina anayang'ana pansi. Kulandira zikomoyo kunali kosavuta, ndipo palibe akanadziwa. Koma mawa bedi likanafukulidwanso, ndipo mawu a Hector akanabwerera.

"Aphunzitsi, mundikhululukire," anatero motsitsa. "Sinali mphatso ayi. Unali mlandu."

Anawauza zonse, ngakhale za matembawo. A Makina anazunguza chipewa chawo m'manja. Kenaka anati saganiza zodyetsa mphaka ana a mnzawo akugona ndi njala ya ndiwo. Mawa amuika m'thumba, akwere naye njinga, akamusiye kumapiri cha ku Fort Lister.

Mlandu unali utamukomera Selestina, komabe mtima wake sunapepuke. Mlendo ndi mame, akulu anatero, sachedwa kukamuka. Kodi bamboyu akadzachoka, adzakumbukire chiyani za mudzi uno?

"Thumbalo lisiyeni," anatero. "Chikwanje muli nacho?"

M'mawa mwake anapita onse awiri kumtsinje kukadula nthambi za mthethe. A Makina sankadziwa kugwira minga, ndipo inawalasa kangapo. Selestina anawaseka kuti manja a choko sadziwa thengo, iwo n'kuyankha kuti nayenso tsiku lina adzamuimika pabolodi. Anayala nthambizo pamwamba pa bedi, mothithikana, n'kusiya timipata tokwanira dzuwa ndi madzi.

Akumaliza, mphaka uja anatulukira pansi pa mpanda. Ananunkhiza nthambi imodzi, natukula phazi, n'kulibweza. Anawayang'ana onse awiri ngati munthu wolakwiridwa. Kenaka anakwera pachulu, nadzipinda padzuwa, n'kutseka maso.