Mabulosi Amene Puka Analavulira

Bambo anga, a Fintan, anatuluka m'chipatala atawonda ngati bango. Msuzi ankaukankhira kutali, mbatata ankangoziyang'ana. Adokotala sanandibisire: akapitiriza kukana chakudya, adzawatengera ku nyumba yosungira okalamba m'tauni ya Ennis. Ndinalumbira kuti zimenezo zidzachitika ine nditafa.

Pa 3 Okutobala anayamba okha kuyankhula. "Orla, kukanakhala jamu wa mabulosi, ngati uja ankaphika mayi ako..."

Kwathu kuno mabulosi akuda amamera okha pa zitsamba zaminga m'mbali mwa msewu, koma khomo lililonse limadziwa chigawo chake, ngakhale palibe analembapo. Chathu chimayambira pa mlatho kukathera pa chipata cha msipu. Malemu amayi anathyola pamenepo zaka makumi atatu. Ndinanyamula kandowa, liwiro.

Ndinapeza mutayera. Wina anali atathyola onse onenepa, ngakhale a m'mwamba ofuna ndodo yokowera. Ndinatola otsalira, minga ikundikala mpaka m'zigongono, n'kubwerera ndi ongodzaza kapu.

Bambo anasuzumira m'kandowamo. "Kataye. Tsiku la Mikayeli Woyera linadutsa. Puka analavulira kale."

Puka ndi chiwanda chija amati chimayenda ngati mbuzi yakuda. Tsikulo, la 29 Seputembala, likangopita, chimalavulira mabulosi onse, ndipo munthu sathyolanso.

"Ababa, mufe ndi njala chifukwa cha malovu a mbuzi imene simunaionepo?"

"Kufa ndifa, koma osati ndi malovu ake m'mimba."

Ndinakhuthulira mabulosiwo patebulo mwaukali. Anali ofewa, ena a nkhungu, ndipo timphutsi toyera tinayamba kutuluka. Ine mpaka lero ndimati ndi ntchito ya mvula ndi ntchentche, ndinawerenga ndekha zimenezo. Komabe sakanadyeka.

Wakubayo ndinkamudziwa. Mwezi wathawo ndinaona zala za amayi Breda, oyandikana nafe nyumba, zitada bii ku tchalitchi. Ndinakamenya chitseko chawo ndi chibakera.

"Amayi Breda, chigawo chanu sichinakukwanireni? Munthu ali gone m'chipatala, inu kalikiliki kukolola pa malo a mkazi wake wakufa! Chilungamo chimenecho?"

"Lowa, kamoto iwe, usandigwetsere chitseko. Pakamwa ngati mayi ako, kungoti iye ankayamba wapereka moni."

Anatsegula firiji n'kutulutsa matumba atatu a mabulosi ouma gwa ndi kuzizira. Pa lililonse panalembedwa dzina la bambo anga ndi tsiku: 20 Seputembala.

"Iwe unkachezera kuchipatala. Umafuna ndimusiyire Puka?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Kawiri konse ndinakukodola pa tchalitchi, unandidutsa ngati galimoto yozimitsa moto. Jamu sindinaphike. Wanga amatuluka wamadzimadzi, Fintan akanandiseka mpaka kumanda. Tenga, ndipo utseke pakamwapo, mungalowe ntchentche."

Ndinanyamula matumbawo manja akuzizira, nkhope ikutentha. Ndinatuluka osapepesa.

Kunyumba ndinathyola maapozi awiri owawasa kuseri kwa khola, chifukwa jamu wa mabulosi okha salimba. Malemu amayi sanandiphunzitse, ndinkangowaonerera. Ndinaduladula maapoziwo, n'kuwiritsa pamodzi ndi mabulosi mpaka zonse zitaphwanyika, kenako shuga. Nyumba yonse inanunkhira Seputembala amene ndinamuphonya. Ndikutakasa, ndinaganiza za amayi Breda, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, atanyanyamphira m'minga ndi ndodo yawo, ine ndikuwaweruza chifukwa cha zala zokha. Ndinadonthezera pang'ono pa mbale yozizira n'kukankha ndi chala. Jamuyo anachita makwinya. Wapsa.

Ndinapaka pa buledi adakali wofunda. Bambo sanatambasule dzanja.

"Anathyoledwa liti?"

Ndinkafuna kukalipa, koma ndinakatenga limodzi la matumba aja m'zinyalala n'kuwaonetsa. Anawerenga tsikulo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Zolemba za Breda izi. Amalemba ngati nkhuku yapalasa."

Analuma. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pa zenera loyang'ana ku mlatho.

"Shuga wachepa. Mayi ako sankaumira chonchi."

"Ndiye musadye."

"Ndati wachepa, sindinati ndakhuta. Dula wina."

Ndinadula wina, wochindikala. Ali mkati modya, ndinadzaza jamu m'botolo lalikulu kuposa onse n'kuliika pafupi ndi chitseko, kuti likazizira ndipite nalo kwa amayi Breda. Ulendo uno ndikayamba ndi moni.